Sitima Ikakocheza: Tiyende Tokha Kapena Tilipire A Kampani?



M'kope lino ndati tikambirane nkhani imene kale tikanati ndi ya Azungu okhaokha, koma lero yalowa m'makomo mwathu. Ana athu ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali pa ntchito ku Durban, Cape Town ndi Johannesburg, ena mpaka ku Mangalande. Pakati pawo alipo amene zinthu zawayendera, ndipo pofuna kusangalatsa makolo amawaitana kuti akakwere nawo sitima zikuluzikulu za pa nyanja ya mchere, zija munthu amadyeramo ndi kugonamo masiku angapo zikuyenda doko ndi doko. Ulendo wotere eni ake amautcha cruise. M'miyezi ya dzinja, kuyambira cha mu Novembala, sitima za kampani ya MSC zimanyamuka ku Durban kupita ku Portuguese Island ndi ku Pomene m'dziko la Mozambique, ndipo maulendo ena ataliatali amakafika ku Mauritius. Amene ali ku Ulaya amakonda kuzungulira nyanja ya Mediterranean.

Tikiti ya ulendo wotere imalipirira chipinda chogona, chakudya cha m'sitima ndi kuyenda kwa pamadzi. Koma sitima ikakocheza m'mawa pa doko la eni kuti inyamukenso madzulo, zimene mukachite kumtunda m'maola amenewo kawirikawiri sizikhala m'tikiti. Apa mpamene banja limayenera kusankha. Njira yoyamba ndi kugula ulendo wa kumtunda kwa a kampani ya sitima, amene amakonzeratu basi ndi munthu woperekeza alendo. Njira yachiwiri ndi kutsika nokha, n'kudzipezera takisi kapena kuyenda pansi. Mabanja amatsutsana pa nkhani imeneyi, mwana akuti tisataye ndalama, mayi akuti tisakasochere kwa eni. Onse awiri ali ndi mfundo, tsono tiyeni tiziunike bwino.

Chimene mumagula kwa a kampani

Choyamba tidziwe kuti basi imene imakudikirirani pa doko nthawi zambiri si ya eni sitima ayi. Imakhala ya kampani ya m'dziko lomwelo imene inapangana nawo, ndipo eni sitimawo amaikapo phindu lawo pamwamba. N'chifukwa chake ulendo womwewo, wokaona malo omwewo, umakwera mtengo mukaugula m'sitima kusiyana ndi kuugula kumtunda. Komanso amawerengera mutu ndi mutu. Banja la anthu 6 limalipira mitu yonse 6, pamene wa takisi yaikulu amatchula mtengo umodzi wa galimoto yonse.

Nanga ndalama yoonjezerayo imagula chiyani? Imagula lonjezo limodzi lalikulu, lakuti basi ya a kampani ikachedwa pa msewu sitima idzadikira. Ikalephera kudikira, kaya chifukwa cha madzi kaya malamulo a pa doko, a kampani amakuyendetsani ndi ndalama zawo mpaka mukaipeze pa doko lotsatira. Munthu amene watsika payekha alibe lonjezo limeneli. Sitima yonyamula anthu zikwizikwi siima chifukwa cha banja limodzi, popeza inapatsidwa nthawi yake yochokera pa doko ndipo kutsogolo akuiyembekezera m'mawa mwake.

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja zimenezi si zachilendo kwenikweni. Amene munakwerapo Ilala mukukumbukira kuti ikaima patali pa Nkhotakota anthu amatsika pa maboti, ndipo boti lomaliza likachoka pa gombe, amene wachedwa ku msika watsala basi. Kusiyana kwake n'kwakuti wotsala pa Nkhotakota ali kwawo, agona kwa abale ndipo mawa akwera basi. Wotsala pa doko la kunja ali m'dziko limene chiyankhulo chake sachidziwa, zovala ndi mankhwala zapita ndi sitima, ndipo tikiti ya ndege yothamangira sitimayo agula ndi ndalama za m'thumba mwake.

Palinso zabwino zina ziwiri. Mphepo ikavuta, kaputeni n'kulamula kuti lero palibe wotsika, a kampani amabweza ndalama za ulendo wa kumtunda umene munagula kwa iwo. Zotere zimachitika pa malo ngati Portuguese Island, pamene sitima imaponya nangula patali ndipo anthu amapita ku gombe pa timaboti. Chinanso, pa madoko otsikira pa maboti, amene ali pa ulendo wa a kampani ndiwo amayamba kukwezedwa, ena onse amadikira mzere.

Koma tisaganize kuti ndalamayo imagulanso chitetezo ku ngozi ina iliyonse. Pa 9 Disembala 2019 phiri la moto la pa chilumba cha Whakaari ku New Zealand linaphulika pamene panali anthu 47, ndipo 22 anamwalira. Ambiri mwa iwo anali alendo a sitima yotchedwa Ovation of the Seas, ndipo ulendowo anaugula m'sitima momwemo. Choncho ngakhale ulendo uli wa a kampani, bambo wa banja awerenge bwino kumene akupita ndipo aone ngati n'koyenera ana ndi okalamba.

Zimene zinachitika ku São Tomé

Nkhani imene ikuonetsa bwino mtengo wa kuchedwa inachitika kuno ku Africa komwe. Mu Malichi 2024 sitima yotchedwa Norwegian Dawn inanyamuka ku Cape Town kulowera ku Barcelona. Pa 27 Malichi inaima pa chilumba cha São Tomé, chakuzambwe kwa Africa, pamene anthu amatsika pa maboti. Onse anauzidwa kuti pofika 3 koloko masana akhale atabwerera. Anthu 8, a ku America 6 ndi a ku Australia 2, anapita kukazungulira chilumbacho ndi woperekeza amene sanali wa a kampani, ndipo anabwera mochedwa boti lomaliza litapita. Sitima ankaiona ndi maso awo ili chiimire pamadzi, koma sanaloledwe kukwera. Mapasipoti awo anasiyidwa m'manja mwa woimira sitimayo pa doko, sitima n'kunyamuka.

Pagululo panali okalamba, ndipo wina mankhwala ake a mtima anatsalira m'sitima. Anayenda pa ndege ndi pa galimoto kudutsa maiko angapo mpaka ku Banjul m'dziko la Gambia, kumene sitimayo inayenera kuima pa 1 Epulo. Atafika anapeza kuti yalephera kukocheza chifukwa cha nyengo ndi madzi. Anayambanso ulendo wa pamsewu mpaka ku Dakar ku Senegal, ndipo kumeneko ndiko anakwera pa 2 Epulo. Kuchedwa kwa masana amodzi kunawadyera masiku 6 ndi ndalama zochuluka. Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu, koma pano amene anazengereza mwina sanali iwo, anali woperekeza wawo. Phunziro lake ndi lomwelo: mukatsika nokha, kuchedwa kwa dalaivala, kuphulika kwa tayala ndi kudzaza kwa galimoto pa msewu zonse zimagwera inu.

Ubwino woyenda nokha

Pomva zimenezi wina anganene kuti basi tingolipira a kampani pa doko lililonse. Kumeneko kungakhale kutaya ndalama pa malo pamene palibe choopsa, komanso kudzimana zinthu zimene basi ya gulu singakupatseni.

Basi ya a kampani imanyamula anthu ambirimbiri amene zofuna zawo n'zosiyana, ndipo imayenda motsata ndandanda. Agogo akatopa, gulu siliwadikira kuti apume. Mwana akafuna kuchimbudzi, amayembekeza pamene basi idzaime. Maulendo ambiri amakhalanso ndi nthawi yoima pa sitolo ina imene woperekeza amapindula nayo, ndipo ola lathunthu limathera poona makalapeti ndi ndolo zimene simunafune kugula.

Kwa banja la Chisilamu pali zina zoonjezera. Chakudya cha masana chimene amachiphatikiza mu mtengo chimakhala chimene anakonzera gulu lonse, ndipo simungatsimikize kuti nyama yake ndi ya halaal. Maulendo ena cholinga chake chenicheni ndi kukalawa vinyo, monga aja ochokera ku Cape Town kupita ku minda ya mphesa ya ku Stellenbosch, ndiye ndi bwino kuwerenga tsatanetsatane musanalipire. Nkhani ya mizikiti ndiyo yochititsa chidwi. Mizikiti yotchuka imaletsa magulu a odzaona malo pa nthawi ya Swala, choncho woperekeza amakonza ndandanda yake mozemba nthawi imeneyo. Koma imeneyo ndiyo nthawi imene inu mukufuna kukhala m'kati. Amene akufunitsitsa kuswali Dhuhr pamodzi ndi eni mzinda, basi ya gulu idzamufikitsa pa khomo la mzikiti nthawi isanakwane kapena itadutsa.

Mwamwayi madoko ambiri amene tingakonde kuwaona ali m'kati mwa mzinda. Ku Cape Town, kuchokera pa doko kukafika ku Bo-Kaap, kumene kuli Auwal Mosque ya m'chaka cha 1794, mzikiti woyamba m'dziko la South Africa, ndi mphindi zowerengeka pa takisi. Ku Port Louis ku Mauritius, Jummah Mosque ndi msika waukulu zili pafupi ndi doko. Ku Casablanca, mzikiti wa Hassan II umene unatha kumangidwa mu 1993 uli m'mphepete mwa nyanja momwemo, makilomita ochepa kuchokera pamene sitima zimakocheza. Ku Istanbul sitima zimaima pa Galataport, ndipo pafupi pomwepo pamadutsa sitima ya magetsi ya mu msewu imene imawoloka mlatho wa Galata n'kukakutsitsani ku Sultanahmet. Ku Zanzibar mukangotsika mwalowa kale mu Stone Town. Pa malo ngati amenewa takisi ikakanika mukhoza kukwera ina, ngakhale kuyenda pansi, n'kufika nthawi ikadalipo.

Muyeso wake ndi mtunda

Tsono funso loyenera kudzifunsa pa doko lililonse ndi ili: kumene tikufuna kupitako n'kutali bwanji ndi sitima, ndipo galimoto yathu itafa tingabwerere bwanji?

Mapepala otsatsa malonda amasocheretsa pa nkhani imeneyi. Amalemba kuti sitima idzaima ku Rome, chonsecho doko lake ndi Civitavecchia, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Amalemba Cairo, koma sitima imakocheza ku Alexandria, makilomita oposa 200, ulendo wa maola atatu kupita ndi ena atatu kubwerera. Amene akufuna kukaona Alhambra, nyumba zachifumu zimene mafumu a Chisilamu anasiya ku Granada pamene ufumu wawo unatha mu 1492, amatsikira ku Málaga, makilomita pafupifupi 130. Tikiti ya kumeneko imalembedwa dzina la munthu ndi nthawi yolowera m'nyumba za mafumuzo, imagulidwa pasadakhale, ndipo wochedwa salowa. Ku Mombasa, Fort Jesus ndi mzinda wakale zili pafupi, koma nyama za ku Tsavo zili maola angapo kumtunda. Doko ndi limodzi, koma mayankho ndi awiri: ku Fort Jesus pitani nokha, ku Tsavo pitani ndi a kampani.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti sitima yakocheza ku Civitavecchia 8 koloko m'mawa ndipo inyamuka 6 koloko madzulo. Anthu onse amafunika kukhala m'kati sitima isananyamuke, kawirikawiri kutatsala mphindi 30, ndiye nthawi yanu yeniyeni ndi 5.30. Munthu wanzeru woyenda payekha amasiya maola awiri a zogwa mwadzidzidzi, choncho afike pa doko 3.30. Ulendo ndi wa ola limodzi ndi theka, ndiye achoke ku Rome 2 koloko. Ngati anatsika m'sitima 9 koloko n'kufika mu mzinda 10.30, watsala ndi maola atatu ndi theka okha. Basi ya a kampani ikhoza kuchoka ku Rome mochedwerapo kuposa pamenepa, chifukwa ikakumana ndi vuto sitima iidikira. Apa mukuona kuti pa ulendo wautali ndalama yoonjezera ija imagulanso maola oonera malo.

Choncho lamulo lake n'losavuta. Ngati malo ali kutali koposa ola limodzi, ngati msewu wake ndi umodzi wokha, ngati potsika mukwera maboti, ngati sitima iima maola ochepa, kapena ngati doko lotsatira lili m'dziko lina lakutali, lipirani a kampani. Ngati mzinda uli pa khomo pa doko ndipo njira zobwerera n'zambiri, sungani ndalama zanu, yendani nokha.

Wotchi ndi mapepala

Anthu ena amatsala osati chifukwa cha mtunda koma chifukwa cha wotchi. Sitima ili ndi nthawi yakeyake, ndipo si nthawi zonse pamene imafanana ndi ya dziko limene yakocheza. Mauritius ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi ndi South Africa, pamene Kenya ndi Tanzania zili patsogolo ndi ola limodzi. Foni ya m'manja imasintha yokha nthawi ikagwira netiweki ya dziko lina, mwini wake osadziwa. Valani wotchi ya pa mkono, muitchere molingana ndi nthawi ya sitima, ndipo potsika werengani chikwangwani chimene amaika pa khomo chonena nthawi yobwerera. Pa madoko a maboti, nthawi yofunika ndi ya boti lomaliza.

Za mapepala, mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen kuti alowe ku Italy, Spain kapena Greece, ndipo kugula ulendo wa a kampani sikuchotsa lamulo limeneli. Makampani amakana kukweza munthu amene alibe viza ya maiko amene sitima idzaime, ngakhale atalonjeza kuti sadzatsika. Mwana amene akugulira makolo tikiti afunse za dziko lililonse palokha asanalipire, pakuti safunsa anadya phula.

Njira yapakati

Ilipo njira yachitatu imene mabanja akuluakulu amapindula nayo. Musananyamuke kunyumba, pezani pa intaneti kampani ya m'dzikomo imene inazolowera kunyamula alendo a sitima, ndipo mupangane nayo galimoto ya banja lanu lokha. Muifunse mafunso anayi. Kodi ili ndi chilolezo cha boma ndi inshulansi? Kodi sitima ikalephera kukocheza idzabweza ndalama? Kodi mungalipire tsiku lomwelo m'malo molipiriratu zonse? Kodi idzakubwezani pa doko kutatsala maola awiri? Mayankho ake akhale olembedwa. Muwauziretu kuti mukufuna kuima pa mzikiti nthawi yakuti, ndi kudya pa malo a halaal. Muyambe ndi malo akutali m'mawa, kuti masana muzikhala mukuyandikira ku doko.

Amene sanakonzeretu ndipo akutenga takisi pa doko, agwirizane mtengo wopita ndi kubwerera asanakwere, adziwe ngati ndi wa munthu mmodzi kapena wa galimoto yonse, ndipo ndalama yotsala alipire atafika pa geti la doko. Akwere takisi za pa malo ovomerezeka, osati kutsatira aliyense amene wawakoka dzanja.

Pa nkhani ya Swala musadzipanikize. Malinga ndi madh-hab a Imam Shafi'i amene ambiri kuno timatsata, munthu wa pa ulendo wautali amaloledwa kufupikitsa ndi kuphatikiza Dhuhr ndi Asr. Choncho palibe chifukwa chochedwera kumtunda podikira nthawi ya Asr pamene sitima yatsala pang'ono kunyamuka.

Musanatsike makwerero

Chakudza sichiyimba ng'oma, ndiye njira iliyonse imene mwasankha, m'chikwama mukhale zinthu izi: khadi lanu la m'sitima, pasipoti kapena chithunzi chake ngati a sitima aisunga, khadi la ku banki, ndalama pang'ono za m'dzikomo, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi okwanira masiku angapo, ndi nambala ya foni ya woimira sitima pa dokolo, imene amailemba pa pepala la zochitika za tsiku limenelo. Mukaona kuti muchedwa, muimbireni nthawi yomweyo, musadikire kuti mufike. Banja litsike pamodzi ndi kubwerera pamodzi. Musasiye ana m'sitima inu n'kupita kutali, chifukwa mutachedwa sitima idzapita ndi ana anu. Gulani inshulansi ya ulendo, ndipo mufunse ngati imathandiza munthu wotsalira pa doko.

Kwa inu ana amene mukutenga makolo, kumbukirani kuti miyendo yawo si yanu. Inu mukhoza kuthamanga mtunda wonse wa pa doko sitima ikuliza hutala, koma mayi anu sangathe. Khalani nawo pansi ulendo usanayambe, muike mapu patsogolo, ndipo doko lililonse muligamule palokha. Ndalama zimene mwapulumutsa pa doko la pafupi mukazigwiritse ntchito polipira a kampani pa doko la kutali.

Amene muli ndi mafunso pa za maulendo tilembereni kudzera kwa mkonzi. Tikumanenso m'kope lotsatira, Insha Allah.

Wassalaam.